Dothi Lolemera

4 Malichi

Mkazi wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa mlendo wathu amene mwamusenzayo. Mwadzuka bwanji nonse awiri? Nanga apongozi, bondo lija likuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine cha mphepo ya kunyanja chimene chikugwira aliyense mwezi uno.

Kalata yanu adalaivala a lole yopita kwathuko anandipatsa Loweruka, ndipo ndaiwerenga katatu. Zoti anamwino kusikelo akuti magazi anu ndi ochepa zandidetsa nkhawa, sindibisa, makamaka ndikakumbukira zimene tinaona chaka chatha. Mapilitsi ofiira owonjezera magazi aja muzimwa ndithu, ngakhale akukuchititsani nseru.

Nkhani yabwino ndi yakuti ndasiya kusenza matumba kudoko. Kunabwera mayi wina wa ku yunivesite kudzafuna munthu wodziwa kulemba manambala mosalakwitsa, ndipo akapitawo anakumbukira kuti ndinali mphunzitsi. Mayiyu timawatchula kuti adokotala, koma si dokotala wa anthu ayi, ndi wa matope. Musaseke. M'mawa timakwera kaboti, timazika mapaipi oonekera mkati pansi pa nyanja, n'kuwazula atadzaza matope. Ine ndimatseka mbali zonse ziwiri, n'kulembapo nambala ya malo, tsiku ndi nthawi. Mukakweza paipiyo padzuwa mumaona mizere: wakuda, wotuwa, wofiirira. Adokotala akuti mzere uliwonse ndi zaka zingapo, moti matope apansi penipeni anakhazikika pamenepo makolo athu asanabadwe. Akuti dothi la kuno n'lolemera ndi zitsulo, ndipo ntchito yathu ndi kupeza kuti ndi zitsulo zanji, zochuluka bwanji. Ndangogwirako masiku atatu, ndiye zambiri ndidzalongosola ndikazimvetsa.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene tonse timangoti a Wayilesi chifukwa pakamwa pawo palibe pozimitsira, atandiona ndikubwera ndili matope mpaka m'makutu anati, “Aphunzitsi, paja munkalira ntchito ya cholembera. Walira mvula walira matope. Majombowo agone panja, muno si m'khola.”

M'katundu amene ndapatsa adalaivala muli nsalu ziwiri, sopo, mafuta odzola, ndi chija munanong'oneza kumapeto kwa kalata. Ndinachita manyazi, koma ndagula. Pamsika wa kuseri kwa doko pali mayi wina wa kwathu wogulitsa dothi lodya, lotuwa, losalala ngati sopo, lootcha bwino pamoto. Nditaima patsogolo pake ndikuyang'ana uku ndi uku anati, “Achimwene, mupotokola khosi. Amuna oima chonchi ndimawadziwa. Miyezi ingati?” Ndinati inayi. Anandidzazira chitini chachikulu cha mkaka, n'kuikapo basela. Muzidya pang'onopang'ono, ndipo zisamveke kuti mphunzitsi wa sayansi akudyetsa mkazi wake dothi.

Lata la pakhitchini likuthonya lija musakwerepo nokha. Uzani achimwene anu adzakhome.

Adalaivala akuliza hutala panja. Ndilekere pomwepa.

Ndine mwamuna wanu.


24 Malichi

Mkazi wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, pamodzi ndi apongozi. Ine m'thupi ndili bwino. Musanawerenge china chilichonse, mverani ichi: dothi ndinatumiza lija lekani kudya. Lero lomwe, ngakhale kachidutswa kamene kali m'manja mwanu. Mutseke chitinicho, muchimange m'pepala la pulasitiki, muchipatse adalaivala abwere nacho kuno. Musalitaye kudimba, ndipo nkhuku zisalitole.

Tsopano ndilongosole. Lachiwiri tinapita kumalo amene pamapu athu ndi nambala 14. Ndi pamene ngalande yaikulu ya m'tauni imathira m'nyanja. Kumtunda kwa ngalandeyo kunali fakitale ya mabatire zaka zambiri, ndipo pambali pake ndi pamene amapalira penti ya sitima. Tisanatsike m'boti adokotala anatiuza kuti tivale magolovesi awiriawiri. Anandionetsa kuti m'malo ena onse matope amakhala ndi mauna a nkhanu ndi tinyongolotsi, koma pamenepa ndi posalala ngati patebulo. Palibe chamoyo chimakumbapo.

Madzi anali ataphwa, ndipo chapatali panali amayi asanu ndi mabeseni, akukumba. Mmodzi anadzuka, n'kuika dzanja pamphumi, n'kukuwa kuti, “Achimwene a miyezi inayi, ntchito yake ndi imeneyi?” Anali mayi wa pamsika uja. Adokotala atafunsa kuti ndikumudziwa bwanji, ndinawauza zonse. Anavula magalasi, kenako anangofunsa kuti, “Akazi anu akudya kangati patsiku?”

Chimene chili m'matope amenewo ndi mtovu, uja wa m'mabatire a galimoto, womwenso asodzi amamangirira ku ukonde kuti umire. Mulinso zina, koma mtovu ndiwo ukundiopsa. Ukatuluka m'fakitale umakhala fumbi losaoneka ndi maso. Madzi amaunyamula, ukafika m'nyanja umakakamira ku matope osalala kwambiri n'kumira nawo. Mchenga suugwira kwenikweni. Ndiye dothi losalala, lomwe limakoma m'kamwa, ndi lomwe lili ndi wochuluka. Ine ndinkati poti n'lootcha ndiye kuti n'labwino. Moto umapha tizilombo, koma mtovu si kachilombo. Suola, sununkha, sutha ndi moto. Ndipo chimene chalowa m'magazi mwa mayi, mwana amalandirako.

Sindikufuna kukuopsezani. Mwina mwangolawa pang'ono. Ndayesa kuimba foni ya ku ofesi ya sukulu masiku atatu, koma ikungolira ngati yafa, kaya ndi mvula yagwetsa mapolo. Adalaivala anyamuka Lachisanu, ndipo ulendo wawo ndi wa masiku asanu. Ndawerenga masikuwo pa zala kambirimbiri, ndipo sakuchepa.

Mukamva mutu, kupweteka m'mimba kapena kufooka kwachilendo, pitani kusikelo osadikira tsiku lanu. Mundiyankhe ndi ulendo womwewu.

Ndine mwamuna wanu, amene walakwa.


6 Epulo

Wokondedwa wanga,

Moni kwa inu, kwa apongozi ndi onse pakhomopo. Ndamva kuti bondo lija lachepa kutupa, ndathokoza.

Kalata yanu ya pa 22 Malichi yafika dzulo kudzera kupositi. Inasemphana ndi yanga panjira, ndiye munalemba musanadziwe kanthu. Ndimati ndisangalale ndi mawu anu okoma aja, mpaka ndinafika pamene mwalemba kuti, “Mapilitsi ndasiya. Anamwino anati muli chitsulo chopatsa magazi, ndiye amayi nditawawerengera kalata yanu anati, mkamwini wanena yekha kuti dothi lake n'lolemera ndi zitsulo, nanga usanzirenji ndi mapilitsi pamene chitsulo chenicheni chabwera pachitini? Ndikudya m'mawa, masana ndi madzulo.”

Ndinakhala pabedi ndi kalatayo mpaka a Wayilesi anasiya kulankhula okha. Anati, “Aphunzitsi, kwagwa zovuta?” Ndinati ayi. Anati, “Ndiye bwanji nkhope ngati yopepesera maliro?” Ndinawawerengera. Anangondithirira tiyi.

Gawo ili muwawerengere apongozi pang'onopang'ono, ndipo muyambe ndi kuwauza kuti sindikuwaimba mlandu. Iwo anamva Chichewa monga chimamvekera. Wolakwa ndine, amene ndinatenga mawu a adokotala n'kuwatembenuza mothamanga hutala ikulira.

M'chinenero chathu khasu ndi chitsulo, mpeni ndi chitsulo, waya wa mkuwa ndi chitsulo, zonse dzina limodzi. Koma si zamtundu umodzi. Chimene chili m'mapilitsi ofiira ndi ayironi, ndipo thupi limapangira magazi. Mtovu thupi lilibe nawo ntchito ngakhale pang'ono. Mawu akuti kulemera nawonso anandipusitsa. Ife timati munthu wolemera, nthaka yolemera, kutanthauza zabwino. Koma anthu a sayansi akati zitsulo zolemera amanena kulemera kwa pasikelo, kwa katundu wothyola msana, ndipo amatanthauza gulu la zitsulo zimene zambiri mwa izo ndi poizoni. Amati safunsa anadya phula. Apa amene sanafunse ndine, koma phula mwadya ndinu.

Pali chinanso chimene adokotala andiphunzitsa, ndipo n'chifukwa chake ndikupempha kuti mapilitsi muyambirenso lero. Ayironi ndi mtovu zimalowera khomo limodzi m'matumbo. Thupi limene likusowa ayironi lili ngati mayi amene akudikira mwana wake kuchokera kuulendo: aliyense wogogoda amamutsegulira. Mukamamwa mapilitsi, mwini malo amakhala wafika, ndipo chitseko sichitseguka chisawawa. Ngati nseru yakula, muzimwa mutadya kaye, kapena mufunse anamwino nthawi yabwino. Mazira, nyemba, masamba obiriwira ndi mkaka zisasowe. Nkhuku zoikira zija musagulitse.

Ndikudziwa kuti chilakolako cha dothi si chinthu chongoti leka n'kuleka. Adokotala akuti nthawi zambiri chimabwera ndi kuchepa kwa magazi komweko, ndipo magazi akakwera chimazilala. Chikakuvutani, tafunani china cholimba, ngakhale chimanga chokazinga.

Sindikugona bwino, koma zimenezo si nkhani.

Ndine wanu.


27 Epulo

Mkazi wanga wokondedwa,

Ndalandira kalata yanu ndi chitini. Ndathokoza kuti muli bwino, kuti mwayambiranso mapilitsi, ndiponso kuti mlendo wayamba kumenya mateche. Apongozi muwapatse moni wanga waulemu.

Chitini ndinachitsegula adalaivala asanazimitse n'komwe injini. Dothi latsala lochepera theka. Ndinachiyeza pasikelo ya kulabotale, ndipo ndikudziwa tsopano kuchuluka kwa limene mwadya m'masabata atatu aja. Ndikanakonda kusadziwa.

Adokotala anavomera kuliyeza, ngakhale si gawo la ntchito imene anatumidwa. Mwina mukufuna kudziwa mmene zimachitikira. Dothi timaliumitsa mu uvuni, timalipera, timalisefa ndi sefa yosalala kuposa ya ufa, kenako timalisungunula mu asidi. Madzi akewo makina amawapopera pa lawi la moto, n'kuwalitsirapo kuwala, ndipo chitsulo chilichonse chimameza kuwala kwa mtundu wakewake. Mmene kuwala kwacheperamo ndi mmene chitsulo chachulukira. Ndinaima kumbuyo kwawo nambala ikutuluka. Anabwereza kawiri. Mtovu umene uli m'dothi lanu ndi wochuluka moti likanakhala la m'bwalo la sukulu, akanaletsa ana kuseweramo. Anandiuza mosazungulira, ndipo inenso ndakuuzani chimodzimodzi, chifukwa munandipempha kuti ndisakubisireni.

Koma makina amenewa anena za dothi, sananene za inu. Si mtovu wonse wolowa m'kamwa umene umafika m'magazi. Chimene chingatiuze zoona ndi kuyeza magazi anu, ndipo kusikelo kwathu alibe zipangizo zake. Muyenera kupita kuchipatala chachikulu cha m'tauni. M'envelopu yoyerayo muli kalata imene adokotala alembera madokotala a kumeneko, yonena chimene munadya, masiku ake ndi zimene tapeza. Musaipereke pawindo la makadi. Muipereke m'manja mwa dokotala weniweni. Ndalama yoyendera ndaika mkati mwa pepala la sopo. Mukafikire kwa achemwali anu.

Mwalemba kuti apongozi akuti iwo anadya dothi pa mimba zisanu ndi ziwiri, ana onse n'kubadwa olira bwino. Ndi zoona, ndipo mmodzi wa anawo ndinamukwatira. Koma lawo linali la pachulu cha kuseri kwa nyumba, kumene kumtunda kwake kunalibe fakitale. Mwatinso akukana zoyeza magazi, ati, “Munthu magazi achepa kale, ndiye akamupopenso? Mkamwiniyu sukulu inamupitirira.” Mwina inandipitiriradi. Koma muwaonetse supuni ya tiyi, muwauze kuti otengedwawo sadzaza imeneyo, ndipo thupi limabweza tsiku lisanathe. Ngati akukayikabe, apite nanu akaone okha. Ndi bwino andinene ali m'basi kusiyana n'kuti mukhale pakhomo.

Kuno akulu a labotale anandiitana kuofesi kudzandifunsa kuti ndani anandituma kubweretsa zinthu za pamsika mulabotale, ndiponso anafuna kuona mapepala anga okhalira m'dziko muno. Anawayang'ana nthawi yaitali. Adokotala analowererapo. Zatha, ndikuganiza.

Musachedwe, chonde. Sabata ino.

Ndine mwamuna wanu.


18 Meyi

Mkazi wanga,

Muli bwanji? Ndikufunsa osadziwa ngati kalatayi ikupezani pakhomo. Adalaivala abwera chimanjamanja. Akuti anapeza chitseko chokhoma, nkhuku zili kwa aneba, ndipo anebawo anangoti “anapita kutauni.” Anapita liti, ali bwanji, palibe anafunsa. Ndinawakalipira adalaivala, munthu wamkulu amene amatinyamulira makalata mwa chifundo chabe. Ndakapepesa m'mawa uno.

Ndikudziuza kuti kukhoma chitseko ndi chizindikiro chabwino, kuti mwamvera n'kupita. Koma masabata atatu ndi ambiri pa kuyeza magazi kokha.

Ndikuuzeni zimene ndachita kuno, poti kukhala chete kukundidwalitsa. Ndinapita kwa mayi wa dothi uja ndi pepala la zotsatira. Anandilandira ndi nthabwala: “Achimwene a miyezi inayi, chatha kale chitini? Akazi anuwo ndi chiswe?” Ndinakhala pa kreti, n'kumulongosolera zonse monga ndinalongosolera inu, za ngalande, za fakitale, za khomo limodzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja akupitiriza kumanga timapaketi. Kenako anati, “Mwamaliza, aphunzitsi? Ine ndakumba pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi. Lendi ndi dothi, fizi ndi dothi. Ndiye ana anga azidya pepala lanulo?” Ndinati sindikudziwa chimene adye, koma ili asagulitsenso. Anati, “Amene anathira zinthuzo m'madzi munapitako ndi pepala lanu? Kapena mwayambira kwa ine poti ndine wofikirika?”

Pansi pa tebulo lake panali kamtsikana kake ka zaka zinayi, kakusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Ndinakapatsa moni, sikanayankhe. Mayiyo anati, “Musavutike, sanayambe kulankhula. Ndi waulesi ngati bambo ake.” Adokotala akuti ana amachedwa kulankhula pa zifukwa zambiri, ndipo munthu sangaloze chala popanda kuyeza. Ndikudziwa zimenezo. Komabe ndakhala ndikumuona mwanayo ndikatseka maso.

Adokotala analembera a zaumoyo a mumzinda, ndipo sabata yatha pa nambala 14 anakhomapo chikwangwani ndi waya. Pamsika aliyense akudziwa amene anayambitsa. Ndasamuka m'chipinda chija, tsopano ndikukhala kuseri kwa labotale, m'kachipinda kosungira mapaipi. Ndi kouma, ndipo kali ndi windo. Makalata azibwerabe kwa a Wayilesi, amandibweretsera. Mukadzandiona musadzadabwe kuti dzino lakutsogolo linaguluka. Ndidzakuuzani tikadzakhala pansi. A Wayilesi akuti tsopano ndikalankhula ndikumaimba likhweru, ndiye agalu a padoko ayamba kunditsatira.

Ndatumiza kalata ina yofanana ndi iyi kwa achemwali anu. Iliyonse imene ifike, mundiyankhe ngakhale mizere iwiri.

Ndine wanu, wodikira.


9 Juni

Wokondedwa wanga,

Kalata yanu yafika. Ndathokoza Mulungu kuti muli moyo nonse awiri. Apongozi muwauze kuti ndagwada powathokoza, chifukwa chokhala nanu pamzere wa chipatala masiku onse aja ndi bondo lawo, magazi atatumizidwa kwina, zotsatira n'kusochera, n'kuyezanso kachiwiri.

Pepala limene mwakopera manambala ndawaonetsa adokotala, ndipo iwo anaimbira mnzawo amene ndi dokotala wa anthu. Zimene ananena zikugwirizana ndi zimene anakuuzani kumeneko. Mtovu m'magazi mwanu ulimo, woposa umene umafunika kupezeka mwa mayi woyembekezera. Koma sunafike poti akupatseni mankhwala amphamvu ochotsera aja, amene nawonso ali ndi zoopsa zake kwa mwana. Ndiye njira ndi yomwe akuuzaniyo: mapilitsi ofiira, mapilitsi oyera olimbitsa mafupa, kudya bwino, ndi kuyezanso mwezi wamawa. Oyerawo musawanyoze. Thupi limasokoneza mtovu ndi chakudya cha mafupa n'kuusunga m'mafupamo, ndipo mayi akamasowa chakudyacho, mafupa amatulutsa zimene anasunga, zabwino ndi zoipa zomwe. Ofiira ndi oyera musamwere limodzi, musiyanitse maola monga anenera.

Ndayambanso kulongosola. Ndaona pamene mwalemba kuti, “Inu mumadziwa kufotokoza, koma mwanayu ali m'mimba mwanga, ndipo akakhala chete theka la tsiku palibe chimene mafotokozedwe anu amandithandiza.” Sindikutsutsa. Mwakwiya, ndipo muli ndi chifukwa. Ndikanakonda mukanandikalipira pamaso, ine n'kukhala chete, kusiyana n'kuti muzinyamule nokha n'kuzilemba papepala.

Mwandifunsa funso limodzi, kuti mwana adzakhala bwino kapena ayi. Ndafunsa aliyense amene ndikanatha kumufunsa. Palibe akudziwa. Ambiri obadwa chonchi amakula bwinobwino. Ena zimadzaoneka mochedwa, pa kumva, pa kulankhula, pa kugwira za m'kalasi. Sindikunamizani kuti ndikudziwa mbali imene ife tili.

Mwana akakhala chete m'mimbamo nthawi yaitali, musadikire kuti muone. Pitani.

Masabata otsalawa mukhale kwa achemwali anu konko, pafupi ndi chipatala. Za kumunda zisiyeni, achimwene anu akolole zimene angathe.

Ndine mwamuna wanu.


23 Ogasiti

Mayi wa mwana wanga,

Ndalemba mawu amenewa n'kuima kaye kuwayang'ana. Mwadzuka bwanji, inu ndi mtsikana wathu? Mabala akupola? Apongozi, amene tsopano ndi agogo kachisanu ndi chinayi, ali bwanji?

Uthenga wa achemwali anu unafika pafoni ya kulabotale tili pakati posefa matope. Adokotala anabwera okha kudzandiuza: “Akazi anu achira. Mwana wamkazi.” Ndinakhala pansi pomwepo, magolovesi ali m'manja. Kalata yanu yafika patapita masiku khumi ndi awiri, ndipo ndi imene yandiuza zenizeni: kuti anabadwa masabata awiri nthawi isanakwane, kuti ndi wochepa thupi koma akuyamwa mwamphamvu, kuti analira mpaka azamba anati uyu adzakhala woimba kwaya. Mwatinso anamuyeza magazi a pamchombo, ndipo mtovu ulimo, wocheperapo kuposa wanu wa mwezi wa Meyi, koma ulimo. Ndawerenga mzere umenewo kambiri. Sukusintha.

Pepani kuti mwezi wa Julayi munalandira kalata imodzi yokha, yaifupi. Panali zina zokhudza mapepala anga zimene zinanditengera masiku angapo kumalo kumene kulibe cholembera. Zinatha.

Ndinafunsa dokotala wa anthu uja kuti tsopano tichite chiyani. Anati muyamwitse ndithu, pokhapokha a kuchipatala atanena zina. Mupitirize mapilitsi. Mwana ayezedwenso pa masiku amene alemba m'buku lake, ndipo tsiku lililonse la sikelo lisaphonyedwe. Ndinati zimenezo ndamva, koma mankhwala enieni ndi ati? Anati chimene chalowa kale palibe angachibweze. Koma ubongo wa mwana umakula ndi zimene ukulandira, ndipo mwana wodya bwino, amene anthu amalankhula naye, kumuimbira, kumuonetsa zinthu n'kumuuza maina ake tsiku ndi tsiku, amapita patali kuposa amene wangogonekedwa pamphasa. Sanalonjeze kanthu. Anangoti pamenepo ndi pamene pali mphamvu yathu.

Nditawauza a Wayilesi anati, “Ndiye vuto lili pati? Ngati mankhwala ake ndi kulongolola, tumizani ine.” Kenako anati, “Koma zoona, aphunzitsi, mankhwala amenewo sayenda pa lole.”

Ntchito ya adokotala ikutha mwezi uno. Anandipezera malo ena kulabotale ya mumzinda wina, a zaka ziwiri, malipiro abwinopo. Ndaganiza masiku asanu, ndipo ndakana. Ndikudziwa kuti sindinakufunseni, ndiponso kuti kumene ndikubwerako kulibe ntchito yondidikira. Ndalembera a sukulu kufunsa ngati angandilandirenso, ngakhale mongogwirizira. Akakana ndidzalima. Zidzativuta, ndipo mudzakhala ndi ufulu wondikumbutsa. Koma zimene tikuopazi zikadzayamba kuoneka, kapena zikadzapanda kuoneka, sindikufuna kudzazimva pakalata ya masabata awiri.

Adalaivala anyamuka pa 2 Seputembala, ndipo andisungira malo kutsogolo. Musaphe nkhuku, mazira ake ndi ofunika kuposa ine. Dzina mundidikire, tidzagwirizane tonse ndi apongozi.

Mpaka ndifike, muzilankhula naye. Pomusambitsa, pomuyamwitsa, pochapa matewera. Musadandaule kuti sakumva tanthauzo. Mukasowa nkhani, muzimuuza zimene bambo ake analakwa. Imeneyo ikufikitsani mpaka tsiku limene ndidzagogode.

Ndine mwamuna wanu, bambo wake.